Mmene katswiri wa mafizo angalembere CV yoonetsa ntchito ya manja ake

Munthu amene akusankha oti awaitane ku intavyu amakhala ndi mulu wa ma CV patebulo, ndipo pafupifupi onsewo amachokera kwa anthu amene anaphunzira zofanana, monga kapangidwe ka mafupa, kagwiridwe ntchito ka minofu ndi mitsempha, komanso njira zothandizira wodwala kuti ayambirenso kuyenda. N'chifukwa chake CV imene imangonena kuti mwiniwake ali ndi digiri ndipo ndi wolimbikira ntchito siimusiyanitsa ndi wina aliyense. Wolemba ntchito akufuna kudziwa odwala amene anadutsa m'manja mwanu, chithandizo chimene munawapatsa, ndi mmene anasinthira.

Pamwamba penipeni lembani dzina lanu, nambala ya foni ndi imelo imene mumaitsegula tsiku lililonse, ndipo pansi pake pomwepo muike chiphaso chanu chogwirira ntchito. M'maiko ambiri munthu saloledwa kugwira wodwala ngati sanalembetsedwe ku bungwe loyang'anira ntchito zachipatala. Ku United Kingdom bungwelo ndi Health and Care Professions Council, ku South Africa ndi Health Professions Council of South Africa, pamene ku United States chigawo chilichonse chimapereka chiphaso chake munthu akakhoza mayeso a National Physical Therapy Examination. Tchulani dzina la bungwe, nambala yanu, ndi nthawi imene chiphasocho chidzathe, chifukwa wowerenga akalephera kuziona msanga akhoza kuganiza kuti mulibe. Dzina la ntchito nalonso lilembedwe monga lilili pa chilengezo cha ntchitoyo: ku United States amati physical therapist, pamene maiko ena ambiri amati physiotherapist, ndipo mabungwe ena amayamba asefa ma CV ndi kompyuta imene imafufuza mawu enieni a pa chilengezocho munthu asanawerenge n'komwe.

Gawo la ntchito zimene mwagwirapo ndilo lofunika kulikhalira pansi. Yambani ndi ntchito ya posachedwa n'kumabwerera m'mbuyo, ndipo pa iliyonse mutchule malo, udindo wanu, mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi kusiya. Vuto limene ndaliona kawirikawiri n'lakuti anthu amakopera mndandanda wa maudindo, n'kulemba kuti "ndinkathandiza odwala kuchita mafizo". Chiganizo chotere n'choona, koma chimabisa luso lonse la munthu. Yerekezani kuti munthu yemweyo walemba kuti ankagwira ntchito mu wodi ya odwala sitiroko, ankaona odwala pafupifupi 12 patsiku, ankawaphunzitsa kutembenuka pabedi, kukhala tsonga, kuimirira ndi kuyenda ndi ndodo, ndipo ankaphunzitsanso owasamalira mmene angamunyamulire wodwala popanda kumukoka dzanja lofooka, poti phewa la mbali yofooka silichedwa kuvulala. Wowerenga wodziwa ntchitoyi akafika pa mawu a phewawo amadziwiratu kuti munthuyu anaimadi pambali pa bedi la wodwala.

Ntchito ya mafizo ili ndi mwayi umene ntchito zina zilibe, woti kusintha kwa wodwala kumayezedwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti akatswiri amene amalemba manambala m'mafayilo a odwala tsiku ndi tsiku amawaiwala akamalemba za iwo eni. Tchulani miyezo imene mumaigwiritsadi ntchito. Ngati mumayeza mmene munthu amakhazikikira osagwa ndi Berg Balance Scale, imene ili ndi zochita 14 ndipo malikisi ake onse ndi 56, lembani. Ngati mumagwiritsa ntchito Timed Up and Go, pamene wodwala amadzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka, kubwerera ndi kukhalanso pansi inu mukuwerenga masekondi, lembaninso. Chimodzimodzinso kuyeza mtunda umene wodwala mtima kapena mapapo angayende pa mphindi 6, kuyeza mphamvu ya minofu kuyambira pa 0 mpaka 5, ndi kuyeza kupindika kwa bondo ndi kachipangizo kotchedwa goniometer munthu akachitidwa opaleshoni. Koma nambala iliyonse imene mwaika ikhale yoti mungathe kuifotokoza, popeza pa intavyu padzakhala katswiri mnzanu amene adzafunsa mmene munaipezera, ndipo nambala yongopeka imaonekera pa funso lachiwiri.

Pofotokoza zonsezi musaulule wodwala. Dzina lake, chithunzi chake, kapena mbiri imene ingachititse kuti adziwike zisapezeke mu CV, ngakhale kuchira kwake kukhale kokunyaditsani chotani. Nenani za gulu la odwala ndi mtundu wa matenda basi.

CV imodzi siingakwanire ntchito zonse. Chipatala cha ana chidzafuna kuona poyamba zimene mwachita ndi ana a cerebral palsy, vuto la mu ubongo limene limachititsa kuti mwana azivutika kuyendetsa thupi, kapena ngati munaphunzira njira ya Ponseti yowongolera mapazi opindika pomanga chikhakha chimene chimasinthidwa sabata iliyonse, kenako n'kuveka mwana nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo. Timu ya masewera idzafunsa za kuvulala kwa mawondo ndi akakolo ndiponso mmene mumaweruzira kuti wosewera wachira mokwanira kubwerera pabwalo, pamene chipinda cha odwala mwakayakaya chidzafuna munthu wodziwa kuthandiza wodwala kuchotsa makhololo m'chifuwa ndi kumudzutsa pabedi msanga. Werengani chilengezo mofatsa, ndipo zimene zikugwirizana nacho muzikweze pamwamba.

Amene mwangomaliza kumene sukulu musadzione ngati mulibe cholemba. Miyezi imene munakhala m'zipatala mukuphunzira ndi ntchito yeniyeni, ndipo malo alionse muwalembe paokha, ndi masabata amene munakhalako, mtundu wa odwala, ndi zimene munkachita nokha moyang'aniridwa. Kafukufuku wanu wa chaka chomaliza amukwanira mzere umodzi.

Maphunziro owonjezera, monga a chithandizo chotsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, alembedwe ndi chaka chake ndi amene anawapereka. Umembala wa bungwe la akatswiri a mafizo la m'dziko lanu nawonso ndi woyenera kutchulidwa, ndipo mabungwe ambiri otere ali pansi pa World Physiotherapy, limene linakhazikitsidwa mu 1951. Zilankhulo zimene mumalankhula musazisiye, pakuti mafizo amayenda bwino wodwala akamvetsa zimene akuyenera kukachita yekha kunyumba.

Masamba awiri ndi okwanira, olembedwa ndi zilembo zosavuta kuwerenga, ndipo muwatumize ngati PDF kuti mizere isasokonekere pa kompyuta ya wolandira. Anthu okuchitirani umboni akhale amene anakuonani mukugwira odwala, monga mkulu wa dipatimenti kapena amene ankakuyang'anirani m'chipatala, ndipo muwapemphe kaye musanalembe maina awo, kenako muwatumizire CV yomweyo pamodzi ndi chilengezo cha ntchito kuti foni ikalira asayambe kufunsa kuti mukufunsira ntchito yanji.