Momwe mungakonzekerere oditi ngati bungwe lanu limalandira ndalama za nyumba kuchokera ku HUD

Ku America, ndalama zambiri zolipirira lendi anthu osowa pokhala zimachokera ku unduna woona za nyumba wotchedwa HUD, koma amene amakumana maso ndi maso ndi munthu wogona mumsewuyo ndi mabungwe omwe si aboma. Ena mwa abale athu amene ali kumeneko amagwira ntchito m'mabungwe otere, wina polandira anthu, wina muofesi ya zachuma, wina mu bodi. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, dziwani ichi musanawerenge zina zonse: odita sadzaliona banja limene munalichotsa m'galimoto momwe linkagona n'kulilowetsa m'nyumba. Adzaona fayilo basi. Fayiloyo ikakhala ndi mipata, ndalama zimene munagwiritsa ntchito mwachilungamo zikhoza kulembedwa kuti n'zokayikitsa, bungwe n'kuuzidwa kuti lizibweze kuchokera m'thumba lake. Ndipo ndalama zobwezazo ndi lendi ya mabanja ena.

Yambani ndi kudziwa kumene dola iliyonse yachokera

Tengani mapangano onse a thandizo la ndalama amene bungwe lanu linasainira, muwaike pa pepala limodzi. Pa pangano lililonse lembani dzina la pulogalamu, nambala yake, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi amene anakupatsani ndalamazo. Pulogalamu iliyonse ya boma la ku Washington ili ndi nambala yake: Continuum of Care ndi 14.267, Emergency Solutions Grants (ESG) ndi 14.231, HOME ndi 14.239, HOPWA ndi 14.241. Onsewa ndi mapulogalamu a HUD othandiza pa nyumba. Samalani apa. Ndalama zikadzera ku mzinda, ku county kapena ku state, sizisiya kukhala za boma la ku Washington. Cheke chikhoza kukhala ndi dzina la mzinda wanu koma malamulo ake ndi omwewo.

Malamulo aakulu ali mu 2 CFR Part 200 (CFR ndi buku la malamulo a boma la ku Washington), ndipo pamwamba pake pulogalamu iliyonse ili ndi ake: 24 CFR 578 ya Continuum of Care, 24 CFR 576 ya ESG, 24 CFR 92 ya HOME.

Kenako phatikizani ndalama zonse za boma la ku Washington zimene mwagwiritsa ntchito m'chaka chanu cha zachuma. Amawerenga zimene mwawononga, osati zimene mwalonjezedwa. Zikafika $1,000,000, mukuyenera kuchititsa oditi yotchedwa Single Audit. Malire amenewa anali $750,000, ndipo anakwera kwa zaka za zachuma zoyamba pa 1 Okutobala 2024 kapena pambuyo pake. Ngati simunafike pamenepo musapume ayi, chifukwa HUD kapena mzinda umene unakupatsani ndalama uli ndi ufulu wobwera kudzaona mafayilo anu nthawi iliyonse. Pepala mwalembali ndi limene lidzasanduke ndandanda yotchedwa SEFA, ya ndalama za boma zimene mwawononga, yomwe odita amayambirapo posankha mapulogalamu oti awafufuze.

Fayilo ya munthu aliyense ikwane tsiku lomwe walowa

Apa ndi pamene mabungwe ambiri amapunthwa, ndipo sikuti anthu ake ndi akuba. Ndi anthu achifundo amene amathamangira kupezera munthu pogona, mapepala n'kunena kuti tidzakonza mawa.

Choyamba m'fayilo ndi umboni wakuti munthuyo analidi wosowa pokhala pa tsiku limene munamulandira. HUD inaika ndondomeko ya umboni umene imaukhulupirira kwambiri. Woyamba ndi wochokera kwa ena, monga kalata ya kumalo ogona mwadzidzidzi, kalata ya chipatala, kapena zolembedwa mu HMIS, kaundula wa pakompyuta wa anthu osowa pokhala. Wachiwiri ndi zimene wantchito wanu anaona ndi maso ake n'kulemba. Wachitatu ndi mawu a munthu mwiniwakeyo atasainira. Mukafika pa wachitatuwu, lembani zimene munayesa kuti mupeze umboni woyamba uja: munaimbira ndani, liti, anakuyankhani chiyani. Mizere itatu yokha imakwana, koma ikasowa odita amaona ngati simunayese n'komwe. Kumbukiraninso kuti kusowa kwa kalata si chifukwa chobwezera munthu pa khomo la malo ogona mwadzidzidzi. Lamulo limanena momveka kuti alandiridwe.

Ngati pulojekiti yanu ndi ya anthu amene akhala osowa pokhala kwa nthawi yaitali, ntchito imakula. Pafunika umboni wa ulumali, ndi umboni wakuti munthuyo wakhala mumsewu kapena kumalo ogona mwadzidzidzi kwa miyezi 12 yotsatizana, kapena maulendo anayi m'zaka zitatu amene akaphatikizidwa akukwana miyezi 12. Kuti ulendo wina usiyane ndi unzake, pakati pake payenera kudutsa mausiku osachepera 7. Ine ndimalangiza kuti mujambule kalendala ya miyezi 36 pa tsamba limodzi, mwezi uliwonse mulembe kumene munthuyo anagona ndi pepala limene likuchitira umboni. Odita akaona tsamba limeneli mafunso amachepa, ndipo inunso mumaona msanga mwezi umene ulibe umboni munthuyo adakali pafupi kuti mumufunse.

Chachiwiri ndi ndalama zimene banjalo limapeza. Ikani mapepala a malipiro, kalata ya Social Security (ndalama zimene boma limapereka kwa okalamba ndi olumala), ndi masamu amene munachita powerengera gawo la lendi limene iwo azilipira. Kawirikawiri gawolo ndi 30 peresenti ya zimene amapeza pamwezi mutachotsera zololedwa, kapena 10 peresenti ya zonse musanachotsere, chimene chakula pa ziwirizi. Onetsani masamuwo, musangolemba yankho. Mu ESG, banja lothandizidwa kuti lisatulutsidwe m'nyumba liyenera kukhala lopeza pansi pa 30 peresenti ya ndalama zapakatikati za dera lanu.

Chachitatu ndi nyumbayo. Pafunika pangano la lendi losainidwa, lipoti loyendera nyumba lolembedwa musanalipire lendi yoyamba, ndi pepala loonetsa kuti lendiyo ikufanana ndi ya nyumba zina zotere m'deralo zimene sizilandira thandizo. Mu ESG lendi isapitirirenso malire a Fair Market Rent amene HUD imalengeza chaka ndi chaka. Ngati nyumba inamangidwa chisanafike chaka cha 1978 ndipo mukhala mwana wosakwana zaka 6 kapena mayi woyembekezera, pakhale umboni wakuti munaona ngati penti yake yakale, imene ikhoza kukhala ndi mtovu, sikusupuka. Ili si pepala la mwambo chabe. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo sabwereranso mwakale.

Madeti onsewa azigwirizana ndi zimene zili mu HMIS. Ngati bungwe lanu ndi lothandiza anthu othawa nkhanza za m'banja, musalowetse mayina awo mu HMIS. Lamulo limafuna kuti mukhale ndi kaundula wanu wapadera wofanana nayo.

Malipiro a antchito ndi ndalama zoonjezera zanu

Malipiro ndi gawo lalikulu la bajeti, ndipo ndi pamene ndalama zokayikitsa zimakula msanga. Ngati wantchito mmodzi amagwira mapulojekiti awiri, sikokwanira kunena kuti bajeti inati theka uku theka uko. Ndime 200.430 ya 2 CFR Part 200 imafuna kuti malipiro atsamire pa zolemba zoonetsa ntchito imene inagwiridwadi. Choncho aliyense azilemba maola ake pa pulojekiti iliyonse, abwana ake azisainira, ndipo a zachuma azisintha mabuku kuti agwirizane ndi maolawo.

Palinso ndalama zimene bungwe liyenera kuikapo lokha. Mu Continuum of Care ndi 25 peresenti ya thandizo lonse kupatula ndalama za leasing (zimene bungwe limalipira pochita lendi nyumba m'dzina lake), pamene mu ESG ndi dola pa dola. Ndalama zimenezi zimafufuzidwa mofanana ndi za boma. Ngati chipatala chinalonjeza kuthandiza anthu anu kwaulere n'kuwerengedwa ngati gawo lanu, pakhale pangano lolembedwa komanso kaundula wa maola amene anagwiradi. Ndalama zoyendetsera ofesi zili ndi malire ake: 10 peresenti mu Continuum of Care, 7.5 peresenti pa thandizo lonse la ESG. Nthawi iliyonse mukatapa ndalama mu eLOCCS, njira ya pakompyuta imene HUD imaperekera ndalama, sungani pamodzi ndandanda ya zimene ndalamazo zalipira, ma invoisi ake ndi umboni wa kubanki. Musanapatse kontilakita ntchito yaikulu, yang'anani pa SAM.gov, webusaiti ya boma, ngati sanaletsedwe kugwira ntchito za boma, ndipo musunge tsamba loonetsa tsiku limene munayang'ana.

Musataye mapepala msanga

Anthu ambiri amangodziwa za zaka zitatu za mu ndime 200.334, zowerengedwa kuyambira tsiku lopereka lipoti lomaliza la zachuma. Mapulogalamu a nyumba amafuna zoposa pamenepo. Mafayilo a anthu mu Continuum of Care ndi mu ESG amasungidwa zaka 5 ndalama zonse za thandizolo zitatha. Ngati munagula, kumanga kapena kukonzanso nyumba ndi ndalama za Continuum of Care, ndi zaka 15 kuchokera pamene anthu anayamba kukhalamo. Mu HOME, zolemba za lendi ndi za opanga lendi zimapitirira mpaka zaka 5 itatha nthawi imene nyumbayo inayenera kukhala yotsika mtengo. Pakakhala mlandu kapena oditi yosatha, musataye chilichonse mpaka nkhaniyo itatsekedwa. Kusunga pa kompyuta n'kololedwa, bola zioneke bwino ndipo zitsekedwe, chifukwa muli manambala a Social Security ndi matenda a anthu.

Dzifufuzeni nokha asanabwere

HUD siibisa mafunso ake. Ali m'buku lake loyendera mapulojekiti, CPD Monitoring Handbook 6509.2, ndipo a odita ali mu Compliance Supplement imene OMB, ofesi ya boma yoona za bajeti, imatulutsa chaka chilichonse. Miyezi itatu iliyonse sankhani mafayilo angapo mwachisawawa, muwapereke kwa munthu amene sanawalembe, ayankhe mafunso omwewo.

Mukapeza pepala losowa, chonde musalembe lina n'kuikapo deti lakale. Pepala losowa ndi kulakwitsa kumene kumakonzeka, koma lopeka ndi chinyengo, ndipo nkhani zotere zimakafika ku ofesi ya Inspector General wa HUD. Lembani kalata yaifupi ya deti la lero yofotokoza chimene chasowa, chifukwa chake, ndi umboni wina umene mwaupeza tsopano. Ngati ndalama zinalipidwa molakwika, uzani amene anakupatsani thandizo iwo asanazitulukire okha.

Odita akafika, ndi pambuyo pake

Sankhani munthu mmodzi woti azilandira mafunso onse ndi kulemba chilichonse chimene chaperekedwa. Yankhani zimene mwafunsidwa, ndipo ngati yankho simukulidziwa nenani kuti mukafufuza. Pemphani kuona zolakwa zimene apeza lipoti lisanatsekedwe, chifukwa nthawi zina pepala amati lasowalo limakhala m'fayilo ina.

Lipoti la Single Audit limatumizidwa ku Federal Audit Clearinghouse, kumene boma limalandirira malipoti otere, pasanathe masiku 30 mutalilandira, kapena pasanathe miyezi 9 chaka chanu cha zachuma chitatha, chimene chayamba kufika pa ziwirizi. Pa cholakwa chilichonse bungwe limalemba dongosolo lokonzera, lokhala ndi dzina la amene adzakonze ndi tsiku lomalizira. Musalembe kuti antchito adzakumbutsidwa. Lembani chimene chisinthe, monga kuti cheke cha lendi yoyamba sichidzatuluka mpaka wa zachuma ataona lipoti loyendera nyumba m'fayilo. Chaka chamawa odita adzayambira pa dongosolo lomweli kuona ngati munachitadi, ndipo bungwe limene lasiya kuonedwa ngati lodalirika limafufuzidwa pa 40 peresenti ya ndalama zake za boma m'malo mwa 20.