Khosi la gitala yanga linali loyera mopitirira

Gitala yanga yamagetsi inali ndi khosi la thabwa la mtengo wa maple loyera mbee ngati ufa, pomwe thupi lake ndi lakuda. Sizinkagwirizana. Poyamba ndinapaka steni, utoto wolowa m'thabwa, koma sinalowe, chifukwa vanishi wa polyurethane wakufakitale amatseka thabwa.

Ndiye ndinamasula zingwe ndi makiyi ochunira, n'kumata tepi pa mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi. Ndinakwecha ndi sandipepa wosakhakhala kwambiri wa nambala 600, kungochotsa kunyezimira. Kumutu, pomwe pali dzina la gitala, ndinadutsapo mopepuka kuopa kulifufuta. Kenako ndinapopera vanishi wothira utoto wabulauni pang'ono, mopyapyala, katatu.

Chinandisautsa ndi chinyezi cha Mzuzu. Tsiku loyamba ndinapopera m'mawa kuli nkhungu, vanishi n'kuchita mbuu ngati mkaka. Mtima unandiwawa. Ndinakwechanso, n'kudikira dzuwa la masana. Pano khosi ndi mutu womwe zikuoneka ngati uchi.