Kuchoka pa viza ya sukulu kupita pa ya banja ku Australia, ntchito osaima

Mwati muli ku Australia pa viza ya sukulu, mwamanga banja ndi nzika ya komweko, ndiye mukufuna kudziwa chochita kuti chilolezo chogwira ntchito chisaduke. Nkhani yonse yagona pa masiku.

Yambani mwaona pa VEVO, tsamba la boma la pa intaneti loonerapo malamulo a viza yanu, ngati viza yanu ili ndi lamulo la 8503 kapena 8534, loletsa kupempha viza ina muli m'dzikomo. Likakhalapo, pemphani kaye kuti alichotse, apo ayi pempho lanu la viza ya banja saliwerengera.

Kenako pemphani viza ya banja, yotchedwa 820/801, kudzera pa ImmiAccount, akaunti ya pa intaneti yopempherapo viza, muli m'dziko momwemo, yakaleyo isanathe. Okondedwa anuwo adzazenso fomu yawo yokuimirani.

Mukatero, a Department of Home Affairs, nthambi ya boma yoona za maviza, amakupatsani Bridging Visa A, viza yodikirira yankho la pempho lanu. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Viza imeneyi imakhala chigonere mpaka ya sukulu itatha yokha, ndiye tsikulo lisanakwane, malamulo akale akukumangani ndithu: kugwira ntchito maola osapitirira 48 pa masabata awiri alionse nthawi ya maphunziro. Musatengeke n'kusiya sukulu poganiza kuti zatheka. Akafafaniza viza ya sukuluyo, yodikirira ija nayonso imathera pomwepo.

Yakale ikatha, yodikirira imadzuka, ndipo kwa opempha 820 nthawi zambiri sikhala ndi malire a maola. Komabe werengani kalata yake, abwana anu muwatumizire umboni wa VEVO, mitima ikhale pansi.

Kukagwa maliro kumudzi, musakwere ndege musanapemphe Bridging Visa B, yomwe imalola kutuluka n'kubwereranso. Ya A ija mukatuluka nayo simubwerera nayo.

Mukachedwa kupempha mpaka viza ya sukulu kutha, mumagwera pa Bridging Visa C, yomwe kawirikawiri siloleza ntchito. Zikatero mumadzaza Form 1005 yopempha kuti akuloleni kugwira ntchito, n'kuonetsa umboni woti m'thumba mwauma.