Kusamala Magetsi M'tauni: Yambani ndi Maola a Madzulo

Pamisonkhano ya m'madera, mukangotchula zosamala magetsi, aliyense amathamangira pa babu. Wina anena za mwana amene amasiya babu likuyaka kubafa, wina za neba amene babu lake la panja limayaka mpaka dzuwa kufika paliwombo. Zonsezo n'zoona, koma ndikupempha mafumu a m'tauni, makhansala ndi makomiti a chitukuko kuti tiyambe ndi nkhani ya nthawi. Yuniti imene mwapulumutsa 7 koloko madzulo imathandiza mzinda wonse kuposa imene mwapulumutsa 2 koloko usiku, ngakhale pa mita yanu zonse ziwiri mtengo wake ndi umodzi.

Chifukwa chake n'chakuti magetsi sakhala m'nkhokwe ngati chimanga. Amene akuyatsa wailesi yanu panopa akupangidwa pompano. Ambiri mwa iwo akuchokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kampani ya EGENCO imawapanga n'kuwagulitsa ku ESCOM, imene imawafikitsa m'nyumba zathu. Makampani awiriwa anagawana ntchito motere mu 2017. Makinawo ali ndi malire ake, ndipo malirewo amatsika madzi akachepa mu Shire, kapena namasupuni, matope ndi zinyalala zikatseka polowera madzi. Tonse tikukumbukira za Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi (megawati imodzi ndi mawati 1 miliyoni), ndipo tinakhala mumdima wosinthanasinthana kwa nthawi yopitirira chaka.

Tsono taganizirani zimene zimachitika kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo. Anthu aweruka, mbaula zamagetsi zayaka, madzi osamba ali pamoto, TV yatsegulidwa, mababu onse ayaka, wina akusita yunifolomu ya mawa. Nthawi yomweyo dzuwa likulowa, ndiye kuti sola wamkulu wopanga magetsi a dzuwa ku Salima, amene masana amatha kupereka mamegawati 60, wayamba kuzilala. Wa ku Golomoti ali ndi mabatire, koma ndi wamng'ono. Chotsala n'kuliza majenereta a dizilo, amene magetsi ake ndi okwera mtengo koopsa, kapena kuzimitsira madera ena. Kuzimazima kwambiri kumabadwira pa maola amenewa, komanso m'mamawa anthu akamakonzekera zopita kuntchito ndi kusukulu.

Dziko lino linayesapo kale kugwirira limodzi ntchito yosamala magetsi. Cha m'ma 2011 ndi 2012, ESCOM mothandizidwa ndi boma la Britain inabweretsa mababu osadya magetsi pafupifupi 2 miliyoni, aja opotanapotana timawatcha ma energy saver. Ambiri anaikidwa ulere m'nyumba za anthu, mababu akale otentha aja n'kuchotsedwa. Patapita zaka zingapo kunabweranso a LED pa mtengo wotsika. Nzeru yake inali yolondola: n'kosavuta komanso n'kotchipa kuchepetsa magetsi amene mzinda ukufuna madzulo kusiyana n'kumanga damu latsopano. Chimene ntchito zoterezi zimafuna ndi anthu a m'dera oziyang'anira galimoto yogawa mababu ikapita. Babu laulere likapsa, munthu amabwerera kugolosale kukagula lotchipa lililonse limene alipeze.

Tiyeni tiwerengere pang'ono, poti ambiri amakhulupirira akaona manambala. Yuniti imodzi imene mumagula ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola lathunthu. Babu lakale la mawati 60 limawala mofanana ndi la LED la mawati 9. Likamayaka maola 5 tsiku lililonse, kusiyana kwake pa mwezi ndi mayunitsi oposa 7 pa babu limodzi. Nyumba ya mababu 6 ndiye kuti yapulumutsa mayunitsi oposa 40. Choncho ngati m'dera lanu muli nyumba, matchalitchi, mizikiti kapena magolosale amene akadali ndi mababu akale, yambirani pamenepo. Pogula la LED yang'anani pa bokosi ngati alembapo mawati ndi kuwala kwake, ndipo pewani aja ongoikidwa pa thebulo opanda dzina lililonse, amene amayamba kuphethira sabata isanathe. Ma energy saver opotana aja ali ndi mekyule pang'ono m'kati mwake, amene ndi poizoni. Akapsa musawaphwanye kapena kuwapatsa ana kuti aziseweretsa, ndipo likasweka m'nyumba tsegulani mazenera musanayambe kutola magalasi.

Komabe nyumba zambiri m'tauni zinasintha kale mababu. Amene akutidyera magetsi madzulo masiku ano ndi zipangizo zotenthetsa, ndipo mfumu yake ndi giza, thanki ija yotenthetsera madzi osamba. Giza wa malita 150 kawirikawiri amakoka mawati 3,000, kutanthauza mababu a LED oposa 300 oyaka nthawi imodzi. Kuti atenthetse madzi odzaza kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 amadya mayunitsi pafupifupi 7. Vuto lake n'lakuti amagwira ntchito mwakachetechete kudenga, palibe amene amamuona. Bambo akasamba 6 koloko madzulo, madzi ozizira amalowa, giza n'kuyamba kukoka magetsi pa nthawi imene mzinda wonse ukulimbirana.

Malangizo anga kwa amene muli ndi giza ndi awa. Muzimitseni pa switchi yake pa bokosi la magetsi cha m'ma 5 koloko madzulo, n'kumuyatsanso 9 koloko ikakwana. Madzi amakhalabe otentha m'thankimo maola amenewo, osamba sadandaula. Ngati mumaiwala, itanani wamagetsi wovomerezeka akuikireni kawotchi kozimitsa ndi kuyatsa kokha. Mumupemphenso aone kuti giza akutenthetsa mpaka madigiri angati. Ambiri anasiyidwa pa 70, pamene 60 ndi wokwanira. Musatsitse kupitirira pamenepo, chifukwa madzi ofunda chabe amasunga tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo. Mapaipi a madzi otentha amene ali pamtunda akutidwe kuti asamataye kutentha.

Anzathu amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti kumeneko nkhani ya giza anaitenga ngati ya mzinda wonse. Ku Johannesburg kampani ya City Power inaika m'nyumba zambiri kachipangizo kolola kuti izimitse magiza ili kuofesi nthawi imene magetsi apanikizika, n'kuwayatsanso pambuyo pake. Nayo Eskom, kampani ya magetsi ya dziko la South Africa, inkaonetsa pa TV madzulo chizindikiro cha Power Alert, mtundu wake ukafiira anthu n'kudziwa kuti azimitse giza, mbaula ndi zina zosafunika. Ife tisadikire zipangizo zotere. Gulu la WhatsApp la m'dera likhoza kugwira ntchito yomweyo, munthu mmodzi n'kumakumbutsa anzake 5 koloko ikamakwana. Magiza 1,000 amene akanakhala akutenthetsa nthawi imodzi akazimitsidwa, ndi mamegawati 3 amenewo, pamene siteshoni yonse ya Wovwe ku Karonga imapanga pafupifupi 4.5.

Kukhitchini ndi kumene ndimalankhula mosamala. Sindidzauza mayi kuti asiye mbaula yamagetsi, chifukwa ndikudziwa kumene apite: kukagula thumba la makala. Mapiri a Ndirande, Soche ndi nkhalango ya Dzalanyama akuchitira umboni za mtengo wa makala amene timaphikira m'tauni, ndipo nthaka yokokoloka pamene mitengo yatha ndi yomweyo imakatseka makina mu Shire. Ndondomeko iliyonse yosamala magetsi imene ikukankhira anthu ku makala yasochera. Nsima ya madzulo phikani pa magetsi, koma zophika zotenga nthawi zisunthireni masana kapena Loweruka m'mawa. Nyemba ziviikeni m'madzi usiku wonse, zimapsa msanga. Mphika uzikhala wovundikira, wosalala kunsi, ndiponso wolingana ndi mbale ya mbaulayo. Kamphika kakang'ono pa mbale yaikulu kamangotenthetsa khitchini. Zimitsani mbaula chakudya chitatsala pang'ono kupsa, chifukwa chitsulo chija chimakhalabe chotentha kwa mphindi zingapo.

Pali njira ina imene amayi ambiri amaiseka poyamba. Tengani dengu, muyalemo bulangete lakale kapena nsanza zoyera zambiri, ndipo mukonze kapilo kovundikira pamwamba. Nyemba zikawira bwinobwino kwa mphindi 15 kapena 20, chotsani mphika uli chivundikire, muukhazike m'dengumo n'kuukuta mbali zonse. Musautsegule kuti muone. Pakatha maola atatu kapena anayi mupeza zafewa, zikadali zotentha, mita isanadye kanthu. Mpunga umafuna nthawi yochepa kuposa pamenepo. Amene angakwanitse kugula pressure cooker yamagetsi, mphika wotseka zolimba wophika ndi mphamvu ya nthunzi, achita bwino koposa, chifukwa imaphika nyemba ndi gawo lochepa la yuniti imodzi.

Madzi a tiyi wiritsani mu ketulo, ndipo thiranimo okwanira makapu amene mukufuna. Kusita kukhale kwa tsiku limodzi pa sabata, masana, m'malo mwa malaya amodziamodzi m'mawa uliwonse. Firiji isagundane ndi khoma kapena kuyandikana ndi mbaula. Tsekerani pepala pa chitseko chake n'kulikoka: likatuluka mosavuta, labala yatha ndipo firijiyo ikungolira usana ndi usiku. Za kuzula tchaja cha foni pakhoma, chitani ngati mukufuna, koma musataye nthawi ya msonkhano pa zimenezo.

Kwa anthu a ku Blantyre pali china chimene ambiri sachiganizira. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera ku Walker's Ferry mu Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera chitunda chonse kudzera ku Chileka. Ndowa iliyonse yotuluka pa mpopi ku Chilomoni kapena ku Bangwe yadya kale magetsi. Paipi yophulika imene ikuthira madzi mumsewu kwa sabata, kapena thanki ya kuchimbudzi yongotayikira, ndi magetsi akutayika amenewo. Komiti imene imauza a Blantyre Water Board msanga za paipi yophulika ikugwira ntchito yosamala magetsi ngakhale isakudziwa.

Nanga komiti iyambire pati? Poyamba yendani m'dera lanu kawiri, masana ndi madzulo, muli ndi kope. Masana lembani mababu a panja amene akuyaka: pasukulu, pamsika, pachipatala, pa maofesi a boma, m'misewu. Ambiri mwa amenewa palibe amene amawalipira kuchokera m'thumba mwake, n'chifukwa chake palibe amene amawazimitsa. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchipa kozindikira kuwala, kamene kamayatsa kukada n'kuzimitsa kukacha, ndipo mndandanda wanu ukaperekedwe kwa khansala kuti ukafike ku khonsolo. Madzulo lembani amene akukoka magetsi ambiri pa maola opanikizika: zigayo, owotcherera zitsulo, opala matabwa. Amenewa musawalamule, ndi anthu ofuna chakudya cha ana awo, ndipo nthawi zambiri amagwira madzulo chifukwa masana kunalibe magetsi. Khalani nawo pansi. Mwini chigayo akadziwa kuti thiransifoma imene ikumudyetsa ndi yomweyo imalemedwa 6 koloko, ndipo ikapsa iyenso akhala osagaya kwa masiku, savuta kugwirizana naye zoti masiku amene magetsi alipo azimaliza kugaya dzuwa lisanalowe.

Mukatero pitani ku ofesi ya ESCOM ya m'dera lanu ngati komiti, osati mmodzimmodzi. Pemphani kuti atumize munthu ku msonkhano wanu, akuuzeni maola amene magetsi amapanikizika, komanso ngati pali ndondomeko ya mababu kapena zipangizo zina imene ikuchitika. Pemphaninso kuti ndandanda ya kuzima kwa magetsi izikufikani nthawi yabwino. Apa ndinene mosabisa: mgwirizano umafuna mbali ziwiri. Anthu amasunthira ntchito zawo masana ngati akukhulupirira kuti masanawo magetsi akhalapo. Madandaulo amene sakuyankhidwa ali ndi kopita, ku bungwe la MERA limene limayang'anira za mphamvu m'dziko muno. Mbali yanu ndi kuteteza thiransifoma kwa akuba mafuta ndi mawaya, komanso kuletsa zokoka magetsi mwachinyengo kuchokera nyumba ina kupita ina ndi mawaya okwiriridwa pansi, amene amalemetsa thiransifoma ndipo nyengo ya mvula amapha ana.

Kuti mudziwe ngati zikuthandiza, sankhani nyumba 10 kapena 20 zodzipereka. Aliyense alembe mayunitsi otsala pa mita Lolemba m'mawa, aonjezere amene wagula m'kati mwa sabata, n'kuchotsa otsala Lolemba linalo. Chitani zimenezi mwezi wathunthu musanasinthe kalikonse, kenako mwezi wina mutayamba kutsatira malangizowa. Musayerekeze Juni ndi Okutobala, chifukwa nyengo yozizira giza ndi ketulo zimadya kwambiri. Manambalawo muwawerenge pa msonkhano wotsatira, mayina a eni nyumba osatchula, ndipo kope lina mupatse wa ESCOM uja kuti apite nalo.