Mmene mungachezere malo okwera kwambiri ngati mumachita chizungulire

Malo ena okopa alendo anamangidwa dala kuti munthu aime pamwamba pa phompho n'kumaona pansi kudzera pagalasi. Ku Grand Canyon, ku America, kuli mlatho wa Skywalk umene unatsegulidwa mu 2007, ndipo unasomphoka mamita 21 kuchoka m'mphepete mwa thanthwe. Ku Zhangjiajie, ku China, mlatho wagalasi wautali mamita 430 unatsegulidwa mu 2016 pamwamba pa chigwa chakuya pafupifupi mamita 300. Ambiri amafika pamalo otere atalipira ndalama zankhaninkhani, koma akangoponda galasilo miyendo imalobodoka, manja amatuluka thukuta, ndipo amabwerera osaona chimene anabwerera. Nthawi zambiri vutoli lili ndi njira zolichepetsera.

Choyamba, dziwani kumene chizungulirecho chimachokera. Kuti munthu aime chilili, ubongo umadalira maso, mkati mwa makutu ndiponso mapazi. Thupi limagwedezeka pang'ono nthawi zonse, ndipo maso amathandiza kuliwongola poyerekeza ndi zinthu zokhazikika zimene zili pafupi. Pamwamba pa nsanja zinthu zoterozo zimakhala kutali kwambiri, choncho maso amasowa popenyera, thupi limayamba kudzandira kuposa kale, ndipo munthu amamva ngati phompholo likumukoka.

Popeza gwero lake ndi limeneli, apatseni maso anu chinthu chapafupi. Mukamayenda, yang'anani chitsulo chogwirira, mzati, kapena msana wa munthu amene ali patsogolo panu, ndipo mukafuna kuona kutali onetsetsani kuti mbali ina ya chitsulocho ikuonekabe m'mphepete mwa diso. Gwirani chinachake, ngakhale ndi zala ziwiri zokha, chifukwa kukhudza chinthu chosasuntha kumachepetsa kugwedezeka kwa thupi. Musayang'anitsitse mitambo yoyenda kapena madzi othamanga pansi, musagadamitse mutu kuti muone nsonga ya nsanja, ndiponso musajambule zithunzi mukuyenda. Imani kaye, tsamirani, kenako jambulani. Chizungulire chikakula, njutani kapena khalani pansi, pakuti chimachepa munthu akakhala kusiyana ndi akaima. Pumani pang'onopang'ono, mukutulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa imene mwaukokera, ndipo musaumitse mawondo.

Malo nawonso muwasankhe motsatana. Yambani ndi otsekedwa bwino, monga chipinda choonera cha pansanjika ya 124 ya Burj Khalifa ku Dubai, kumene mungathe kuima patali ndi zenera n'kumasendera mwakufuna kwanu. Pansanja ya Eiffel ku Paris, galasi loponda lili pansanjika yoyamba, mamita 57 kuchokera pansi, ndipo m'mbali mwake muli poyenda posaonekera. Njira yopapatiza ngati Caminito del Rey ya ku Spain, imene inakhomedwa kukhoma la thanthwe mamita pafupifupi 100 pamwamba pa mtsinje, ibwere pambuyo, makamaka chifukwa imayendedwa cholowera kumodzi ndipo kubwerera pakati n'kovuta. Mukafika pagalasi, pondani kaye pamene padutsa chitsulo chochirikiza, imani mpaka mtima utayamba kugunda bwino, kenako sunthani phazi limodzi. Kuthawa mantha ali pachimake kumawakulitsa ulendo wotsatira, pamene kudikira kuti atsike kumaphunzitsa thupi kuti palibe choopsa chachitika.

Mnzanu woyenda naye akhale wodekha. Kukoka munthu wamantha padzanja kapena kudumpha pagalasi pomuseka ndi nkhanza, ndipo kumawononga zonse zimene wayesetsa.

Samalaninso kuti musasokoneze mantha ndi matenda a kumapiri. Paphiri la Aiguille du Midi ku France, alendo amakwezedwa ndi ngolo yoyenda pachingwe kufika pafupi ndi nsonga ya mamita 3,842, kumene mpweya ndi wochepa. Mutu ukayamba kuwawa, mseru n'kubwera ndiponso phuma n'kukula, mankhwala ake ndi kutsika msanga.

Ngati mantha anu amakulepheretsani ngakhale kukwera makwerero kapena kuwoloka mlatho wamba, kaonaneni ndi katswiri wa za maganizo ulendo usanafike. Iye amamuzoloweza munthu malo okwera pang'onopang'ono, nthawi zina pogwiritsa ntchito magalasi apakompyuta oonetsa phompho munthuyo ali m'chipinda. Koma ngati chizungulire chimakugwirani ngakhale muli pamalo athyathyathya, pitani kwa dokotala akakupimeni makutu ndi kuthamanga kwa magazi musanakwere nsanja iliyonse.