Kukweza pulani ya chipinda kukhala 3D mu SketchUp

Mwafunsa mmene mungakwezere pulani ya papepala ya chipinda cha mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi kuti ikhale 3D mu SketchUp, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira zinthu mu 3D.

Musanayambe, khalani ndi pulani yolembedwa miyeso yonse, mausi ya kawilo pakati, ndi laputopu yotchaja bwino, poti magetsi a kuno ku Mangochi mukuwadziwa.

1. Mukatsegula SketchUp, sankhani template (tsamba loyambira) ya mamilimita.

2. Dinani R pa kiyibodi, kokani bokosi pansi, lembani 4000,3000 n'kudina Enter. Osayeza ndi maso.

3. Dinani F, tulutsani mzere kunja, lembani 230. Ndiko kunenepa kwa khoma la njerwa zowotcha.

4. Dinani P, gwirani malo a pakati pa mizere iwiriyo, kokerani m'mwamba, lembani 3000. Ndi kutentha kwa kuno, ine sindipita pansi pa pamenepa.

5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Dinani Space kuti mubwerere ku chida chosankhira, dinani khoma katatu motsatizana, kenako batani lakumanja la mausi, musankhe Make Group kuti khoma lonse likhale gulu limodzi. Mukapanda kutero, chilichonse chimene mungajambule pambuyo pake chimamatirira kukhoma. Tsiku lofuna kusuntha denga, khoma lonse limapindika nalo, ndipo kukonza kwake kumadya nthawi kuposa kuyambiranso.

6. Dinani gululo kawiri kuti mulowemo. Ikani mizere yolondolera ndi T, jambulani chitseko cha 900 ndi 2100, muchikankhe ndi P mpaka chiboole. Mawindo chimodzimodzi, makamaka pa makoma oyang'anizana kuti mphepo ya kunyanja izidutsa.

7. Sungani fayilo musanakhudze denga.