Momwe mungayendetsere phunziro la kompyuta pasukulu ya sekondale ya ana ogontha

Akakusankhani kukhala delegado, kapena kuti mtsogoleri, wa phunziro la kompyuta (TIC) pasukulu ya ana ogontha, aliyense amakufunsani funso limodzi lokha: makompyuta alipo angati? A dilekitala afunsa zimenezo, a ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya distrito, afunsa zomwezo, makolonso chimodzimodzi. Inu dzifunseni lina: mwana akakhala pampando wake, maso ake akuona chiyani? Mwana wakumva amayang'ana pa sikirini, khutu lili kwa mphunzitsi, zala zili pa kiyibodi, zonse pakamodzi. Wogontha amamvera ndi maso, ndipo amayankhula ndi manja omwewo amene akutayipira. Ndikulemba ndili kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, koma a ku Tsangano, Macanga ngakhale Moatize zambiri zikukhudzani.

Yambani ndi zizindikiro, makina asanayatsidwe

Ndikutenga kuti chinenero chamanja cha dziko lathu, LSM, mumachidziwa kale. Ngati simuchidziwa, nkhani ino siingakuthandizeni. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 125, amati Boma lilimbikitse kuphunzira ndi kutukula chinenerochi, koma lamulo silikupatsani chizindikiro cha "pasta" (foda), "ficheiro" (fayilo) kapena "cursor". Itanani aphunzitsi anzanu, ana a makalasi apamwamba, ndipo ngati mungathe, munthu wamkulu wogontha wa ku ASUMO, bungwe la anthu ogontha, mugwirizane chizindikiro chimodzi pa mawu aliwonse. Ogonthawo ndiwo agamule. Zizindikiro zimene ife akumva timapeka zimakhala zazitali ndiponso zolemetsa manja, ndipo ana amazitaya mkati mwa sabata n'kupanga zawo. Mukagwirizana, jambulani pafoni kavidiyo kakafupi ka chizindikiro chilichonse n'kusunga.

Chenjerani ndi YouTube. Mavidiyo ambiri a Chipwitikizi ophunzitsa kompyuta m'chinenero chamanja ndi a ku Brazil, ali mu Libras, chinenero chamanja cha kumeneko, ndipo ena ndi a ku Portugal. Si LSM imeneyo. Nayenso mwana amene anayambira sukulu kutsidya ku Malawi, monga kusukulu ya ogontha ya ku Mua, amabwera ndi zizindikiro zina. Kumbukiraninso kuti ambiri mwa ana athu anabadwira kwa makolo akumva, oyankhula Chichewa pakhomo, ndipo Chipwitikizi chimene chili pa sikirini sanachimvepo ndi khutu. Mawu akuti "Guardar" amawaloweza ndi maso basi.

Chipinda: apa ndiye pagona nkhani

Makina athu atafika, kampani imene inapatsidwa ntchito yowaika inachita mmene imachitira kulikonse. Matebulo inawagunditsa kumakoma atatu, nthambo inadutsitsa mu calha yoyera bwino kukhoma, ma soketi pansi pa tebulo lililonse. Chipinda chinaoneka ngati internet café ya mutauni, alendo anajambula zithunzi, tinaomba m'manja. Tsiku la phunziro loyamba ndinaima pakati pa chipinda n'kupeza kuti ndikuyang'ana misana yokhayokha.

Taganizani. Mukufuna kunena chinthu chimodzi chokha, kuti "dinani kawiri". Muyenera kuzungulira chipinda chonse kugwira mwana aliyense paphewa. Mukamafika kwa womaliza, woyamba uja watembenukiranso ku sikirini yake, wadina kale china chake, patseguka zenera lachilendo. Mwana wina akakhala ndi funso amatembenuka n'kufunsa ndi manja, koma anzake sakuona, ndiye funso lomwelo mumaliyankha kakhumi. Malo okhawo amene ndinkatha kuima n'kuonekera kwa onse anali kutsogolo kwa mawindo, ndipo dzuwa likakhala kumbuyo kwanu ana amangoona chithunzithunzi chakuda, nkhope osaoneka. M'chinenero chamanja nkhope si chokometsera. Nsidze ndi milomo ndi zimene zimasonyeza kuti ili ndi funso, uku n'kukana. Phunziro la mphindi 45 linkatha titangokwanitsa kutsegula pulogalamu imodzi. Trimestre yonse inapita choncho, ana akujambula nyumba ndi mitengo mu Paint.

Titapempha kampani ija kuti idzasinthe, inati tikasuntha chilichonse garantia yatha, ndipo kubweranso kwake n'kolipira ulendo wochokera ku Tete. Tinaitana kalipentala ndi wa magetsi wa konkuno ku Ulongwe. Chitani izi, makamaka ngati anthu oika makinawo sanafike:

Matebulo aime ngati chilembo cha U, atalikireko khoma pafupifupi mita imodzi, ana akhale pakati pa tebulo ndi khoma, nkhope zawo ziloze mkati. Motero aliyense akuona inu, akuonanso mnzake aliyense. Inu imani kukamwa kwa U, kumbuyo kwanu kukhale khoma lopanda windo. Ngati windo lilipo, tchingani lokhalo ndi nsalu yokhuthala ya mtundu umodzi. Chitenje cha maluwamaluwa chimasokoneza maso.

Sikirini itsike. Oika makina amakonda kuikhazika pamwamba pa bokosi la CPU, ndiye mwana wamfupi amabisika yense. Tsitsani bokosilo pansi pa tebulo, koma pa kathabwa, lisagunde simenti chifukwa cha madzi okolopera. Pitani mukakhale pampando uliwonse, wina aime pamalo anu: muyenera kumuona kuyambira m'chiuno mpaka kumutu. Kuyambira pomwe lamulo la maphunziro la 2018 linasamutsira kalasi 7 ku sekondale, timalandira ana aang'ono kuposa kale, choncho muyeso utengereni kwa wamng'ono kwambiri.

Nthambo zisadutse pomwe ana amayenda. Zilowe kumapeto kwa mkono umodzi wa U n'kuyenda pansi pa matebulo, zomangidwa. Mwana amene akuyenda akucheza ndi mnzake sayang'ana pansi, maso ali pa manja a mnzakeyo.

Musazimitse magetsi kapena kutseka makatani onse kuti projekita ioneke. Mumdima mwana wogontha mwamutseka makutu ndi pakamwa pomwe. TV yaikulu yolumikiza ndi nthambo ya HDMI imaoneka bwino masana, ilibenso babu lodula lija la projekita limene likapsa limavuta kupeza. Iikeni pambali panu penipeni kuti diso lisayende ulendo wautali.

Switchi ya magetsi a kudenga ibwere pafupi ndi pamene mumaima. Kuphethiritsa kawiri kukutanthauza kuti manja achoke pa kiyibodi, maso abwere kuno. Ngati makina ali pa netiweki imodzi, ikani Veyon, pulogalamu yaulere imene imakulolani kutseka masikirini onse nthawi imodzi kapena kutumiza zimene zili pa sikirini yanu kwa ana onse. Ine ndimadalira switchi kwambiri, siifuna netiweki.

Chovuta kuzolowera ndi cha inu mwini. Musamafotokoze uku mukusonyeza. Fotokozani ndi manja, lekani. Lozani pa TV, chitani chinthucho pang'onopang'ono, lekani. Dikirani maso onse abwerere kwa inu, funsani ngati aona, kenako alekeni achite. Aphunzitsi amene anazolowera ana akumva zimawavuta, dzanja lina limakhala pa mouse lina likuyankhula, ndipo mwana amataya zonse ziwiri. Kaphunzitsidwe kameneka kamadya nthawi, choncho dosificação, ndondomeko ya mitu yophunzitsa, yolembedwera sukulu wamba simungaimalize mmene ilili. Kakambiraneni ndi a pedagógico, oyang'anira kaphunzitsidwe pasukulu, kumayambiriro kwa chaka, mu February, muwaonetse mitu imene muphatikize, ndipo mupemphe kuti maphunziro awiri azitsatana tsiku limodzi. Mukadikira kumapeto kwa trimestre aziona ngati ulesi.

Magetsi

Damu la Cahora Bassa, la mphamvu ya 2,075 MW, lili m'chigawo chathu chomwechi, komabe nyengo ya mvula magetsi amathima, ndipo mphenzi za kumapiri kuno sizisewera. Gulani estabilizador, chipangizo chokhazikitsa mphamvu ya magetsi, musanagule china chilichonse. Mtengo wake n'ngochepa poyerekeza ndi bolodi la kompyuta lopsa. Kukayamba kugunda, zulani mapulagi kukhoma, kuzimitsa kokha sikukwanira.

UPS, batire losunga makina oyaka kwa kanthawi magetsi akathima, imachenjeza ndi kulira, ndipo m'chipinda chanu palibe mwana amene aimve. Lumikizani kababu kofiira kukhoma mwachindunji, kosadzera pa UPS, kakhale kutsogolo pamwamba pa TV. Kakazima, aliyense adine Ctrl ndi S n'kuzimitsa makina. Yesererani ndi ana mpaka chilowe m'magazi. Funsaninso msanga kuti Credelec ya chipindacho, magetsi olipiriratu aja, ikulipiridwa kuchokera thumba liti, chifukwa nkhani imeneyi imadanitsa anthu mu Conselho de Escola. A ku Tete ndi Moatize onjezani za kutentha kwa October ndi November, kumene kumapyola madigiri 40, ndi fumbi: phunziro lanu likhale la m'mawa.

Kugula

Pezani ma cotação atatu, mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa osiyana, ndipo wogulitsa amene sangakupatseni factura yokhala ndi NUIT, nambala yake ya msonkho, musiyeni, ngakhale atatsitsa mtengo chotani. Pa mndandanda umene akubweretsereni mupezapo ma sipika ndi mahedifoni, chifukwa amangokopera wa sukulu ina. Fufutani, ndalamayo ipite ku ma webcam. M'mashopu ena a mumzinda wa Tete muli makina akale ochokera kunja amene amawapukuta n'kumati ndi atsopano. Makina akale si oipa, choipa n'kuwagula pamtengo wa atsopano. Uzani wogulitsa atsegule bokosi muone mkati, ayatse muone kukula kwa RAM. Yochepera 4 GB musatenge. Ngati deti likubwerera mmbuyo nthawi iliyonse mukayatsa, ndi kabatire ka CR2032 kokha, musalole wina akuuzeni kuti bolodi lafa.

Ambiri amathamangira ku Lilongwe kudzera pa Calómuè kapena ku Blantyre kudzera pa Zóbuè, poti zina zimatsika mtengo kumeneko. Mouse ndi nthambo gulani, koma kiyibodi ayi. Za ku Malawi n'zachingerezi, zilibe ç, ndipo mwana amene akuvutika kale ndi Chipwitikizi asamasakenso pomwe pabisala ã. Ma flash a mumsewu olembedwa 64 GB ambiri ndi abodza, amalandira mafayilo n'kuwawononga mwakachetechete. Ayeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanawakhulupirire.

Windows 10 a Microsoft anasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ndipo makina ambiri opatsidwa sangalandire Windows 11. Anyamata okonza makompyuta akuuzani kuti ali ndi Windows ndi Office "yawo" yotchipa. Imabwera ndi ma virus ake. Pa makina akale ndimaika Linux Mint ndi LibreOffice, zaulere zolowa m'malo mwa Windows ndi Office, n'kusiya awiri kapena atatu a Windows yovomerezeka kuti ana aidziwenso, poti m'maofesi akakumana nayo. Poika, sankhani Chipwitikizi cha ku Portugal pa makina onse. Cha ku Brazil chimalemba "Arquivo" ndi "Salvar" pomwe china chikuti "Ficheiro" ndi "Guardar", ndipo kwa mwana woloweza mawu ndi maso amenewo ndi mawu anayi osiyana. Pa Windows, mu zoikamo za Acessibilidade, yatsani kuti sikirini iziphethira pakabwera chenjezo.

Zophunzitsa

Yambani ndi mouse ndi kutayipa, GCompris ndi Tux Typing zikuthandizani. Kenako kupanga ma pasta ndi kusunga ntchito ndi dzina lomveka, apa musafulumire. Writer yolembera, Calc yowerengetsera, ndipo ikatsala nthawi Scratch yophunzirira kupanga mapulogalamu, imene ana athu amaigwira msanga chifukwa zonse zimaoneka. Khomani kukhoma zithunzi za mabatani, pansi pake mawu a Chipwitikizi, pambali chithunzi cha mwana akuchita chizindikiro chake. Kiwix imakupatsani Wikipedia ya Chipwitikizi popanda intaneti: koperani kamodzi pamalo pomwe Movitel kapena Vodacom ikukoka bwino, mwapulumutsa ma mega a chaka.

Phunziro limodzi musalidumphe ngakhale mulibe m'programa: mauthenga achinyengo a M-Pesa ndi e-Mola, aja oti "ndatumiza molakwika, bwezani", ndi anthu achilendo opempha zithunzi pa Facebook ndi WhatsApp. Ana akumva amamva machenjezo pawailesi ndi mu chapa. Athu sawamva.

Mayeso ndi zina zotsala

Funso lalitali la Chipwitikizi limayesa Chipwitikizi, osati kompyuta. Pa mamaki 20, ambiri achokere pa ntchito yochita pamakina, malangizo muwapereke m'chinenero chamanja, ndipo muwajambule pavidiyo kuti makalasi onse alandire ofanana. Aphunzitsi anzanu muziwaonerera kamodzi pa trimestre, kungoyang'ana ngati akufotokoza uku akusonyeza. Sankhani ana awiri m'kalasi iliyonse oyatsa, kuzimitsa ndi kuvundikira makina. Kaundula wa zowonongeka akhale pakhomo, makina aliwonse ndi nambala yake. Fumbi lipemereni lisanafike dzinja, ma flash a kunyumba asalowe, ndipo kiyi wa chipinda asapitirire anthu awiri.